Sinowo Amene A Namakhwa Sanawoloke

Sabata yathayi a Namakhwa akwanitsa chaka chimodzi ali m'manda, ndipo ine amene ndinkakangana nawo pafupifupi tsiku lililonse ndi amene ndatsala ndikuwayankhula ndekhandekha m'khitchini. Tsiku lina madamu anandipeza ndikung'ung'udza pa sinki, n'kundifunsa ngati ndikupemphera. Ndinangovomera. Ndikanawauza bwanji kuti ndikukalipira munthu wakufa pa nkhani ya filiji?

Ndiyambe ndi filijiyo poti ndi imene inatidziwanitsa. Pamene ndinkafika pa nyumba ino ya ku Al Furjan, mumzinda wa Dubai, kudzagwira ntchito ya m'nyumba, a Namakhwa anali atakhalapo kale zaka zingapo akusamala maluwa ndi kapinga. Anali Mlomwe wa ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, wamfupi, wa imvi mbuu, koma wa miyendo yolimba ngati minsi. Sabata yanga yoyamba ndinawapeza atatsegula filiji yaikulu ya m'galaja, akupala madzi oundana a m'mbali mwake ndi sipuni ya madamu n'kumathira m'beseni.

"Bambo, nyama isungunuka! Mukufuna andibweze kwathu ndisanamasule n'chikwama chomwe?"

"Dekhani, a Nachisale. Tabwerani muone kanthu."

Anatsendera zoyerazo m'beseni muja n'kukaliika padzuwa. Anandiuza kuti ndidine ndi chala. Panali gwa. Patapita kanthawi, ndili pakati pokolopa, anandiitananso. Pamwamba pankaoneka chimodzimodzi, koma nditadina chala chinangolowa, pansi pali madzi okhaokha.

"Mwaona? Ameneyu ndiye sinowo wokalamba, chipale cha kumapiri ozizira. Pamwamba amanama kuti ali bwino, pansi atapita kale."

Ndinawayankha kuti ine ndinabwera ku Dubai kudzagwira ntchito, osati kudzasewera masanje ndi agogo. Anaseka mpaka kutsokomola. Sindinadziwe nthawi imeneyo kuti munthuyo sankasewera.

Kwawo anayamba ndi kutsitsa matabwa a mkungudza pamutu, kenako n'kumanyamula katundu wa alendo okwera phiri, mpaka anakhala gaidi, wotsogolera njira. Anagwira ntchitoyo zaka makumi atatu. Bwana wathu anadziwana nawo nthawi imene ankagwira ntchito ku Blantyre, ndipo mwana wa bwana, Hana, anakwera nsonga ya Chambe koyamba ali paphewa pa a Namakhwa, asanayambe n'sukulu yomwe. N'chifukwa chake mtsikanayo amalankhula Chichewa chothyokathyoka, ndipo ankawatchula kuti Agogo. Banjali litasamukira kuno linawaitanitsa. Akuti kale anali ndi chonyadira chimodzi chimene ankachinena mpaka kutopetsa anthu, chakuti pa zaka zonsezo palibe mlendo wawo ngakhale mmodzi amene anatsika phiri atanyamulidwa. Ine nditafika anali atasiya kuchinena.

Lamulo lawo pa Mulanje linali lakuti thanthwe silipondedwa mame asanaume. Ankati phiri si basi kuti lingakusiye, ndipo wofulumira m'mamawa pa thanthwe lonyowa amafika pansi msanga kuposa mmene amafunira. Azungu akavala nsapato mbandakucha n'kumayang'ana mawotchi, iwo ankangotereka tiyi wachiwiri. Lamulolo linasunga anthu ambiri, ndipo ndi lomwelo limene linadzawapweteketsa.

Ugaidi sunawachoke ngakhale m'dziko la mchenga lino. Tikatsika basi popita kutchalitchi, iwo anali patsogolo, akutembenuka kawirikawiri kutiwerenga ngati nkhuku, pamsewu wa tala woti ngakhale wakhungu sangasochere. Ankadana ndi munthu wonena kuti tatsala pang'ono kufika. Ankati gaidi wonama choncho amapha miyendo ya anthu. Dziko lino sanalikonde, ngakhale sanalinyoze pamaso pa eni ake. Ankangoti kopanda phiri munthu akadzuka sadziwa mbali imene kuli kwawo. Madzulo aliwonse ankasenza thumba la manyowa kumsana n'kumakwera ndi kutsika masitepe opita padenga, thukuta lili kamukamu, ine ndikukuwa kuti akundidetsera matailosi. Tinkakangananso za mchere, poti iwo ankati ndiwo zanga n'zodyetsa odwala, ndi za paipi imene ankaisiya yopingasa pakhomo la khitchini ngati akufuna ndithyoke khosi.

Mnzawo wa pamtima anali a Tembo, a ku Chipata, amene amayendetsa basi ya kampani ku Jebel Ali. Ankabwera Lachisanu kudzacheza, ndipo ndi amene ankawaseka kwambiri. Kuno kuli nyumba ina yaikulu ya masitolo imene mkati mwake anapangamo sinowo wa makina woti anthu azisewerapo, ndiye a Tembo sankatopa kuwanyengerera.

"Mudala, muvutikila chani? Sinowo iliko pafupi apa. Yalla, tiyeni nikupelekeni, mupondeponde, khalas, basi, mutima ukhale pansi."

"Imene ija ndi filiji, a Tembo, kungoti ndi yaikulu. Pansi pake palibe mtsinje, pamwamba pake palibe dzuwa. Ndikaphunzirako chiyani?"

Sanapiteko mpaka imfa yawo.

Nkhani yeniyeni ndinaimva zidutswazidutswa, ina kwa Hana, ina kwa a Tembo, yotsala kwa eni ake tsiku lina atandipeza ndikusenda mbatatesi. Miyezi ingapo ine ndisanabwere, mu Meyi, bwana anawatenga limodzi ndi Hana kupita ku mapiri a ku Georgia, ulendo wa maola ochepa pa ndege. Anafikira m'mudzi wina m'tsinde mwa phiri, kwa nkhalamba ina yoweta nkhosa imene imasunganso alendo. Mwezi umenewo kumunsi kumakhala kutabiriwira, maluwa ali mbwee, koma njira yopita kumtunda imadutsa pa chigwembe china chimene sinowo wa nyengo yozizira amachedwa kuchoka. Pansi pa sinowoyo pamayenda mtsinje. Kukamacha amakhala atauma moti munthu amayenda pamwamba ngati pa simenti, koma dzuwa likakwera amafewa n'kusanduka mbuna.

Nkhalambayo sinkadziwa Chingerezi. Inaloza wotchi, n'kuonetsa zala zinayi, n'kuyendetsa zala ziwiri patebulo: munyamuke folo koloko, kusanache. Nthawi itakwana a Namakhwa anatuluka panja n'kugwira mwala wa m'mphepete mwa njira. Unali woterera ngati sopo. Anabwerera n'kunena zimene anakhala akunena zaka makumi atatu, kuti tidikire dzuwa. Bwana, amene kwawo sinowo amamudziwa, anakayika pang'ono, koma kunja kunkazizira koopsa, komanso paja galu wamkota sakandira pachabe. Anavula nsapato. Nkhalamba ija inakuwa m'chinenero chake, kupukusa mutu, kuloza kuphiri. A Namakhwa anaimwetulira n'kutereka tiyi.

Anafika pa chigwembe paja dzuwa lili pamutu. Iwo anali patsogolo ndi ndodo, ndipo poti anali opepuka thupi, sinowo anawasenza. Ali pakati anamva phokoso kumbuyo, ngati munthu waponda dengu lakale. Atacheuka anaona Hana atamira mpaka m'chifuwa, mwendo utapanika pakati pa miyala m'madzi ozizira a pansipo. Anamusolola awiri ndi bwana, fupa la pakakolo litathyoka. A Namakhwa, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, anamubereka kumsana n'kutsika naye mpaka dzuwa kupendeka, osalola kuti bwana awalandire. Nkhalamba ija inawachingamira ndi hatchi. Inangowapatsa madzi akumwa, ndipo iwo ankati bola ikanawatukwana.

Mpaka lero Hana akatopa amatsimphina pang'ono. Wosadziwa sangaone, koma a Namakhwa ankamva ndi makutu. Mtsikanayo akamatsika masitepe, iwo ankasiya kudulira maluwa mpaka atafika pansi. Bwana anawauza kangapo kuti wolakwa ndi iye, poti za sinowo ankazidziwa. Hana ankati, "Agogo, basi, zinatha zimenezo." Iwo ankayankha kuti, "Zinatha kwa inu, mayi. Amene anati tidikire ndine." Kwa ine ankawonjezera kuti safunsa anadya phula, ndipo iwo analidya atakalamba, pa phiri la eni.

Chimene ankafuna chinali chimodzi: kubwerera pa chigwembe chomwecho, kunyamuka kusanache, n'kumuwolotsa Hana pa sinowo wouma iwo ali patsogolo. Akatero azipita kwawo kukapuma. Ana awo ku Likhubula ankaimba foni mwezi ndi mwezi kuti bambo bwerani, mwakula, zidzukulu sizikukudziwani. Iwo ankati atsala ndi kamtsinje kamodzi. Vuto linali lakuti nthawi yake ndi yaifupi. Ukafulumira njira yonse imakhala itakwiririka, ukachedwa sinowo amakhala atasungunuka, pangotsala miyala yoti ndi mbuzi yomwe idumphe. Pakatipo pali masabata ochepa chabe, ndipo chaka chilichonse amasintha. Ine ndinkawauza poyera kuti ndi misala, kuti mwendo wa mwana sungawongoke chifukwa choti agogo aponda madzi oundana. Ankandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti anthu a ku Mitundu za mapiri tingadziwe chiyani, kwathu chulu timachitcha phiri.

Chaka chotsatira ngoziyo Hana anali akadali ndi zitsulo m'mwendo. Cha 2020 bwana anavomera kuti apita mu Meyi, ndipo a Namakhwa anawonjezera thumba lachiwiri la manyowa. Kenako mu Malichi kolona inaimitsa ndege n'kutitsekera tonse m'nyumba, moti ngakhale kukagula buledi unkayamba wapempha chilolezo pa foni. Misewu ya Al Furjan inangoti zii. A Tembo anasiya kubwera.

M'masiku amenewo ndi mmene anayamba ubwenzi ndi nkhalamba ya ku Georgia ija. Anapempha nambala kwa bwana, ndipo poti panalibe chinenero choti amvanirane, anangotumiza chithunzi cha nkhwani umene anabzala kuseri kwa galaja. Mawa lake kunabwera chithunzi cha chigwembe chija, chojambulidwa kuchokera kubusa, mzere woyera pakati pa zitunda zobiriwira. Basi, n'kukhala mwambo. M'mawa uliwonse kuno kumachoka nkhwani, therere, nthawi zina mphaka wa aneba, uko kumachoka sinowo. A Namakhwa ankafika pakhomo la khitchini, masiki ili pachibwano, foni ili m'manja.

"A Nachisale, akadalipo."

"Ndiye ndimuphike ndiwo?"

"Taonani kaye. Apa pada apa, ndiye kuti madzi ayamba kumudya pansi. Koma chakumtundaku akadali wamphamvu. Masabata atatu alipo."

Poyamba ndinkayang'ana pofuna kuti achoke pakhomo ndikolope. Kenako ndinazindikira kuti ndayamba kuchedwetsa kukolopa mpaka abwere. Ndinaphunzira kusiyanitsa sinowo woyera ndi wotuwa wa fumbi, kuona mng'alu umene umayambira pafupi ndi miyala poti mwala umatentha msanga, ngakhale kulosera kuti uko kwagwa mvula. Ine, mwana wa ku Mitundu! Chaka chimenecho sinowo anachedwa kuchoka kuposa mmene a Namakhwa ankawerengera. Meyi anatha, Juni n'kulowa, ife kuno tikupsa, iye ali pompo, akuchepa pang'onopang'ono, wakuda ngati bulangete lakale. A Namakhwa ankamvetsera nkhani za ndege ngati mlimi womvetsera za mvula, ndipo bwana akatsika kudzamwa khofi ankawapeza ataima pafupi ndi zenera, akunamizira kuthirira maluwa othiriridwa kale.

Tsiku lina m'mawa sanabwere pakhomo. Ndinawatengera tiyi kuchipinda kwawo n'kuwapeza atakhala pabedi. Anandionetsa foni: miyala yokhayokha, madzi akuyenda poyera. Ndinamva chisoni chimene sindinkachiyembekezera, ngati wachokayo ndi munthu amene ndinkamudziwa.

"Chaka chamawa, inshallah," anatero, n'kuseka pang'ono, poti mawu amenewo ankati ndi a anthu ofuna kukukana mwaulemu.

Chaka chamawacho chinafikadi. Ndege zinayambanso kuyenda, bwana anagula matikiti atatu, Hana anabwera kuchokera kusukulu n'kuyamba kukwera nawo masitepe. A Namakhwa ankaimba nyimbo za Chilomwe pothirira. Kutatsala masabata awiri ndinamva fungo la mandimu ndi jinja kuseri kwa galaja. Ndinawapeza atadzifunditsa bulangete pamwamba pa poto wa madzi otentha, akudzifukiza, masana a Dubai dzuwa likuswa mtengo. Atavundukula maso anali psuu, akupuma ngati athamanga.

"Bambo, mwayamba liti?"

"Ndi kachimfine ka fumbi chabe."

"Ndikauza madamu."

"A Nachisale, chonde. Masabata awiri okha. Ndikhala kuseri kuno, sindiyandikira munthu, chitha chokha. Mukanena, khalas, chaka chino chapitanso. Ine zaka zoti ndizitaya ndilibe."

Pa nthawi yonse imene tinakhala limodzi sanandipemphepo kanthu, ngakhale singano. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za Hana amene ankakwera nawo masitepe, za madamu ndi matenda awo a shuga, za ine ndemwe ndi ana anga kumudzi. Ndinakanena tsiku lomwelo. Anawayeza n'kupezeka ndi kolona. Ambulansi itabwera anakwera okha, osalola kugwiridwa, ndipo sanandiyang'ane. Ndimadziuza kuti akanawayezabe asanakwere ndege, koma kudziuzako sikuchotsa nkhope imene anaonetsa tsiku lija.

Anandiimbira kamodzi ali kuchipatala. Mawu anali otsika, akupumira pakati. Anafunsa ngati ndikuthirira nkhwani dzuwa lisanatuluke. Ndinati eya, kenako ndinalephera kudzigwira, ndinalira, ndinati andikhululukire.

"Mukulira chiyani? Munamva madzi akuyenda pansi, munanena. Gaidi amatero." Kenako anawonjezera kuti, "Koma mukanakhala mlendo wanga ndikanakusiyani ku Likhubula. Mumalongolola."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza. Anamwalira kutatsala masiku atatu kuti ndege yawo inyamuke. Chifukwa cha matendawo mtembo sunapite kumudzi. Anawaika ku manda a Akhristu cha ku Jebel Ali, pali bwana, a Tembo ndi abusa basi. Ife tinaonera pa foni, limodzi ndi ana awo ku Likhubula amene netiweki inkangowadukira. Pobwerera a Tembo anaima pageti, masiki itanyowa ndi misozi, n'kundiuza kuti, "Amai, pamalo paja ni see. Palibe olo kachulu." Hana anadzitsekera m'chipinda masiku awiri, ndipo za Georgia sanazitchulenso.

Foni yawo inabwera kuchokera kuchipatala ili m'pulasitiki. Madamu anandipatsa kuti ndisunge mpaka papezeke wopita ku Malawi, ndipo ndinaitchaja kuti ana akapeze zithunzi za bambo awo. Itangoyaka inayamba kulira. Zinali zithunzi zochokera kwa nkhalamba ya ku Georgia ija, za masiku onse amene anagona m'chipatala, chigwembe chomwe chija, m'mawa uliwonse. Bwana anali atatumiza uthenga woti ulendo walephereka, koma chifukwa chake sananene, ndiye nkhalambayo inkangopitiriza monga chaka chatha. Sinowo wake anali woyera, wodzaza mbali zonse, wopanda mng'alu. Ngakhale ine ndinaona kuti akanawoloka.

Mawa lake chinabweranso china, ndi mkuja wake. Ndinaganiza zotumiza nkhwani, koma kukanakhala kunamiza munthu wamkulu. Kulemba sindikanatha, poti tikanamvana m'chinenero chanji? Tsiku lachitatu ndinatenga foniyo n'kupita kuchipinda kwawo.

Ndi kachipinda ka zenera limodzi loyang'ana mpanda wa aneba. Anthu opopera mankhwala anali atachotsa matiresi, zovala ndi katani. Panatsala bedi lachitsulo lopanda kanthu, msomali pakhoma, ndi malo akuda pamene mutu wawo unkatsamira akamaona foni. Ndinaima pakhomo, ndinajambula zimenezo, ndinatumiza. Timizere tiwiri tosonyeza kuti munthu waona uthenga tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Ndinadikira tsiku lonse. M'mawa mwake foni sinalire, ndipo sinalirenso. Nkhalambayo inamva.

Foniyo inapita ku Likhubula ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu. M'chipindamo tsopano muli mabotolo a madzi ndi makatoni a zokongoletsa za Khirisimasi, bedi analiimika kukhoma kuti malo akwane. Maluwa amasamala ndi anthu a kampani amene amabwera kawiri pa sabata, ndipo nkhwani anauzula poyesa udzu. Ndimalowamo ndikafuna botolo, koma ndimachedwamo kuposa mmene botolo limafunira. Ndi Meyi tsopano. Kutali uko, pa phiri limene sindinaliponde, mwina sinowo akadalipo, mwina wapita kale. M'mawa uliwonse ndimafuna kudziwa, ndipo palibe woti ndimufunse.